Ndalama Zomwe Ndinkati Boma Linamanga

Tsiku lomwe kalata ya sukulu ya ku London inafika sindinafunse nzeru kwa munthu. Ndinangouza amayi ndi achemwali anga, a Esinala, kuti ine ndikupita basi, za ku Ntcheu zodikira mvula ndatopa nazo. Achemwali anaseka n'kunena kuti, "Pita, koma usakatiiwale iwe." Ndinalumbira mpaka kuloza kumwamba.

Sukulu itatha ndinapeza ntchito ya makompyuta, n'kumachita lendi kachipinda ku Ilford kongokwana bedi ndi ketulo. Loweruka lathunthu linkatha osayankhula ndi munthu, mpaka mawu kuchita dzimbiri. Kutchalitchi ku Tottenham n'komwe a Banda a ku Chipata anandinong'oneza za akaunti yosungira ndalama za ukalamba. "Iyi ni dilu, mufana," anatero m'Chinyanja chawo chija. "Pa mapaundi folo yalionse boma ikuikilako imozi. Koma ukachosa ukalibe kufika sikisite, bazakudula kota." Ndinatsegula sabata yomweyo. M'sitima popita kuntchito ndinkangoyang'ana pafoni nambala ikukwera, mtima uli mbee.

Chaka chachinayi amayi anawapeza ndi chotupa m'mimba. Kuchipatala chaulere mzere unali wautali, ndiye achemwali ananditumizira uthenga wamawu kuti pakufunika ndalama za opaleshoni ku chipatala cholipira ku Blantyre. Ndinawerengetsera ndili chiimire m'sitima. Kota ija inkatenga mphatso yonse ya boma n'kulumako ndi thukuta langa lomwe. Mtima unandiwawa ngati andidula kale.

Ndinayankha kuti, "Achemwali, ndalama zanga boma linamanga mpaka ndidzakwane zaka sikisite. Olo ndilire misozi ya magazi sangandipatse." Bodza lamkunkhuniza! Ndinatumiza kangachepe ka pamalipiro, n'kuwonjezera vesi ya m'Baibulo. Opaleshoni inachitika, amayi anachira. Kuti zotsalazo zinachokera kuti sindinafunse, chifukwa ndinkadziwa kuti wofunsa amauzidwa.

Patapita zaka ziwiri ndinaganiza zokaona kumudzi. Koma munthu wa ku London n'kukatsika minibasi pa Tsangano ndi chikwama pamutu? Ndinaona galimoto yakuda yonyezimira, mtima wanga dyokodyoko. Ndinatsegula foni, kudina katatu kokha, ndalama zonse zinatuluka. Anandidula kota ija, ine osaphethira n'komwe. Galimotoyo ndinaigula n'kuitumiza pa sitima yapamadzi kudzera ku Dar es Salaam.

Nditafika, amayi anaimba nthungululu mpaka mawu kusasa. Aliyense wobwera kudzandiona ankamuuza kuti, "Mwanangayu amavutika inu. Boma la kumeneko limatsekera anthu ndalama mpaka amere imvi." Ine ndinkangoyang'ana nsapato zanga.

M'mawa mwake ndinaona achemwali atanyamula khasu ndi kheni yothirira. Pofuna kudzionetsa ndinati, "Kwerani, ndikakutuleni kudimba kwanu, matimati tikalongedze kumbuyoku." Anaponya khasu kumbuyo n'kukwera. Dimba lija anawasiyira ndi agogo, ndipo n'lomwe linkaphunzitsa ana awo atatu chimwalirireni alamu. Titafika ndinapeza bambo wina wachilendo akuloza mizere ngati mwini, n'kuwauza achemwali kuti lero achedwa.

"Ameneyu ndani?" ndinafunsa.

"Mwini dimba. Ine ndimagwira ganyu." Anandiyang'ana m'maso. "Umayesa madokotala aja tinawalipira ndi vesi?"

Achemwali anagogoda chitseko cha galimoto ndi chala. "Nanga iyi? Wakwanitsa liti sikisite, mwana wa dzana iwe?"

Ndinaulula zonse nditazyolika, kuti ndalama sizinamangidwe, kungoti ukachotsa msanga amakudula. Manyazi amene ndinamva pamenepo sindinawamvepo chibadwire, ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

"Akanakudula zingati?"

"Kota, achemwali."

"Kota," anabwereza pang'onopang'ono. "Ine anandidula lonse, ndi chitsime chomwe."

Ndinayamba kulonjeza kuti ndigulitsa galimoto tiwombole dimbalo. Anapukusa mutu, akuti mwiniyo anakana kale kawiri, malo a madzi sabwezedwa. Anatsika, n'kumanga chitenje bwinobwino m'chiuno.

"Amayi usawauze," anatero. "Lachinayi lililonse kumvano amapemphera kuti boma likumasulire ndalama zako. Uwasiye choncho. Tsopano chotsa galimotoyi, ukutchinga njira ya ngolo ya abwana anga."