Nkhwazi ya ku Joni

Mwini bwato atamva kuti ndine Mmalawi anandipatsa nkhafi, poganiza kuti tonsefe tinabadwira m'madzi. Ine wa kumapiri a ku Ntcheu sindinakane. Ndinaigwira ngati khasu, bwato n'kuzungulira kawiri pamalo amodzi, mpaka mayi wina wachikulire anandilanda mwaulemu.

Unali mwezi wa Juni, tsiku langa lopuma pa ntchito ya ulonda. Ndinachoka ku Vosloorus, kumene ndinkakhala ku Joni, ndi kagulu ka anthu okonda kuonera mbalame, ulendo wa ku kachilumba ka pakati pa damu. Ndinkafuna mbalame imodzi yokha, nkhwazi. Ndinkaidziwira m'buku long'ambika limene ndinatola kuntchito n'kuliwerenga mpaka kuliloweza, koma ndi maso ndinali ndisanaionepo.

Pachilumbapo mphepo inkaluma makutu. Pofika masana anzanga onse anabwerera m'bwato kukamwa tiyi, uku akundiitana. Ndinakana. Ndinakhala pa mwala moyang'anizana ndi mtengo wouma, mano akugundana, bukulo lili m'khwapa. Mumtima ndinati kaya andisiye, sindichoka.

Mwini bwato atakuwa kachitatu, nkhwazi inatera pa mtengo uja, mutu woyera mbee. Inaponya mutu chagada n'kulira, ine n'kuiwala kuzizira.

Nditabwerera ndinafotokozera neba wanga, bambo wa ku Mangochi wogulitsa zovala. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Achimwene, kuzizidwa tsiku lonse chifukwa cha nkhwazi? Kwathu imatibera nsomba, timaigenda ndi miyala!" Kenako anandifunsa: "Komabe tandiuzeni, inalira ngati ya kwathu?"