Penti ya Zitseko pa Pikapu ya Bambo

Pa malonda a galimoto palibe angandipusitse ine ndi penti, ndimatero ndikakhala pagulu. Koma dzulo fungo la thina wosungunulira penti litandiwomba, ndinakumbukira kuti woyamba kundipusitsa anali bambo anga omwe, ku Matandani.

Anagula penti yotchipa ya zitseko, yobiriwira, n'kumapaka pikapu yawo yakutha ndi bulashi. Ubweya wa bulashiyo unkatsalira pa boneti.

"Iwe, uzithamangitsa nkhukuzi. Ikauma tikwera tonse."

Ndinalondera masiku awiri padzuwa, mutu ukuwawa, ndikudzitama kwa anzanga. Itauma anakweza mayi wina wa ku Chifunga, ulendo, osatsanzika. Kani ankakongoletsera chibwenzi, mlonda wake ndili ine.

Patapita zaka anabwerera wapansi akutsokomola, amayi anga n'kuwayalira mphasa osafunsa kanthu. Inu mukuti anapambana ndani pamenepo?