Chidole Chimene Chinakuseketsani

Bambo a Tiya, lero mwandiliza m'basi ya ku Walsall, kuno kwa azungu, anthu akuona. Mayi wina amaonetsa mwana wake chidole chija pa foni, chaubweya chija cholowetsa mkono kunsi, cha pa TV ya ana ku Ireland. Ndangomva mawu osasa aja a chidolecho, basi misozi chuchuchu.

Mukukumbuka? Sitiroko itakutsekani pakamwa, ndinkabwera tsiku lililonse kudzakhala pambali pa bedi lanu mu wodi. Ine amene ndimaseketsa anthu ngakhale pamaliro, ndinakufotokozerani nkhani zonse za kwathu ku Dedza, zoona ndi zabodza zomwe, kuti mwina ndimve mawu anu kamodzi kokha. Inu duu, maso kudenga, masabata atatu. Ndiye kunabwera nesi wa ku Ireland uja, akuti chidolechi chinkamuseketsa ali mwana. Anaika foni pachifuwa panu. Chidole kulongolola, kulalatira alendo ake, osawapatsa mpata. Chizungu chake ine sindinatolepo kanthu. Ndinangoona phewa lanu likugwedezeka, mukuseka! Kenako munandiloza ndi dzanja labwino lija: "Pakamwa ngati iwe, Nabanda." Ine nsanje, eti chinthu chansanza chindipose. Ndinakukalipirani pamaso pa mzungu, "Khalani chete inu, mukundichititsa manyazi!" Ndinanyamula chikwama n'kumapita, mumtima ndikuti mawa tidzaseka bwino. M'mawa mwake Tiya, mwana wathu, anandidzutsa atavala kale jekete, makiyi a galimoto ali m'manja, osandiyang'ana kumaso. Munali mutatisiya usiku womwewo. A Phiri, mundikhululukire kumene muliko. Mukanapitiriza kuyankhula, ndikanamvera.