Ndinatenga boti la mkamwini ngati basi

Inu owerenga, ine ndinakalambira m'garaja ya mabasi ku Walsall, kudziko lozizira kuno, ndipo masatifiketi anga onse ali m'fayilo. Komabe ndinatsala pang'ono kupha injini ya mwini wake chifukwa chokana kuphunzitsidwa ndi mkamwini.

Mkamwini wangayo ali ndi boti lopanda pulopela, lija limayamwa madzi pansi n'kuwalavula kumbuyo. Atatumizidwa kukagwira ntchito kutali miyezi yozizira, analikokera kuseri kwa nyumba yanga ku Bilston. Anandipatsa makiyi ndi buku lake, n'kuyamba kufotokoza za madzi a mu injini. Ndinamudula. Ndinamufunsa ngati iye anali atabadwa pamene ine ndinkayamba kugwira sipanala. Mwana waulemu uja anangoti, "Pepani bambo, inu mukudziwa kale." Anatsanzika.

Ndinachita zimene timachitira basi. Ndinayeza antifirizi, mankhwala oletsa madzi kuundana, m'thanki, ndinachotsa batire, ndinafunditsa lona. Ndinalemba zonse papepala, n'kuliika m'fayilo limodzi ndi buku lija, osalitsegula.

M'mawa wina chisanu chitagwa, ndinapeza chidebe chimene mayi a kunyumba amatungira madzi a maluwa chitang'ambika m'mbali, madzi ataundana gwa. Ndinayang'ana chidebe, ndinayang'ana lona. Ndinakatenga buku. Zinandikwiyitsa kuti nkhani yaikulu chonchi anaibisa kumasamba akumapeto, m'zilembo zofuna magalasi awiri. Boti lotere lili ndi njira ziwiri za madzi. Ina ndi ya antifirizi, imene ndinayeza. Inayo imatunga madzi a padamu pomwe likuyenda, n'kuwadutsitsa m'mapayipi ndi mu ekizozi. Mukalitulutsa padamu, madziwo amatsalira m'kati. Akaundana amatupa, chitsulo n'kusweka ngati chidebe chija. Basi ilibe zimenezo.

Nditamasula mapulagi a pansi, poyamba sipanatuluke kanthu. Ndinaika hita pafupi n'kudikira. Kenako madzi akuda anayamba kudontha, pamodzi ndi tizibenthu ta ayisi. Payipi imodzi inali itang'aluka kale. Ndinaisintha, ndinakhetsa madzi onse, ndipo ndinathira antifirizi wa maboti m'njira yachiwiriyo mpaka anatulukira kumbuyo.

Za chitsulo cha m'kati sindikanadziwa ngati chapulumuka. Milungu yonseyo mkamwini akaimba foni ndinkangofunsa za ntchito yake. Mayi a kunyumba ndi amene anandithyola khosi: "Abambo, mungakhomere ulemu wanu pakhoma, koma injini ikasweka mudzamuyang'ana bwanji mwanayu?" Ndinamuuza mkamwini zonse. Sanandinyoze, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa chipongwe.

Kutafunda anabwera, tinalumikiza payipi ya madzi n'kuliza injini. Ndinagwada ndi tochi kufufuza podontha. Panalibe. Ndinasolola choyezera oyilo, kuopa kuti ndimupeza atayera ngati tiyi wamkaka chifukwa cha madzi olowamo. Anali bwinobwino. Ndinakhala pansi pa udzu wonyowa, ine munthu wosakhala pansi wamba.

Inu owerenga, makamaka akuluakulu anzanga amene tinakulira kumene madzi saundana, musasunge boti kunja kuno musanakhetse madzi a padamu. Antifirizi wa m'thanki sateteza njira inayo. Chitani zimenezi masamba akamayoyoka, musadikire chisanu. Ndipo mkamwini akayamba kukufotokozerani za chinthu chake, mulekeni amalize.