Sopo wa Mizere Itatu

Fungo la mafuta a mpendadzuwa akamatenthedwa limandibweza ku Chamama, m'chilimwe chimene ndinkawaopa amayi anga. Ndinali mu sitandade folo. Fodya anali atapita ku okushoni, zigafa zili mbee, mphepo ikungoulutsa fumbi pabwalo. Bambo anali atamwalira chaka chapitacho, ndipo pakhomo tinatsala amayi, ine ndi kamlongo kanga Yamikani.

Chaka chimenecho amayi analandira kuponi ya feteleza, pamene mabanja ena oyandikana nafe anamanidwa. Masiku omwewo anayamba kudzitsekera m'khitchini dzuwa lili paliwombo. Ankavala majumbo m'manja, kumanga kansalu kumphuno, n'kutithamangitsira patsinde pa mango. Tinkangomva mthiko ukugunda m'ndowa, kafungo koyabwa pakhosi kakutulukira pazenera.

Tsiku lina kumjigo, a Nabanda, mayi wa nyumba yoyang'anana ndi yathu, analankhula mokweza kuti ndimve. "Kuponi sibwera yokha. Nanga mwamuna wake uja anapita bwanji? Masana onse chitsekere, akuphikamo chiyani?" Amayi ena anaseka chamumtima, ndipo anzanga anasiya kundiitana ku fulaye.

Mawa lake ndinasuzumira pamng'alu wa chitseko. Ndinaona amayi akuthira phala lofiira ngati magazi m'bokosi la matabwa. Ndinathawira kumunda n'kukalira pakati pa mapesi. Kuyambira pamenepo chakudya chawo ndinkangochigwiragwira, kenako n'kupatsa galu iwo akayang'ana kumbali.

Mmawa wina amayi anatulutsa bokosi lija n'kuliika pakhonde, anthu akudutsa ndi zidebe zawo. "Chikondi, khala apa," anatero. Analitembenuza, chinthu chachikulu ngati buledi chinagwera pathebulo. Anachidula ndi waya wopyapyala, ndipo mkati munaoneka mizere itatu yoongoka bwino: wobiriwira, woyera ndi wofiira.

"Ndi sopo uyu, wa mafuta a mpendadzuwa. Anandiphunzitsa ndi anamwino aja timapemphera nawo. Wobiriwirawu ndi masamba a cham'mwamba, wofiirawu ndi dothi la katondo. Umathira mtundu umodzi, uyambe walimba, kenako wina. Koma soda wake amaotcha ngati moto." Anandionetsa chipsera chatsopano padzanja. "Ukufuna Yamikani adzamwe zimenezi?"

Ndinagwira chidutswa chimodzi. Chinali chozizira, chosalala, chonunkhira mandimu. Misozi inangoyamba yokha, ndipo ndinawauza zonse za kumjigo, ndikusisima. Amayi anandipukuta ndi chitenje chawo. Madzulo ake ndinadya mpaka kunyambita mbale.

Sopoyo anakhala pathandala milungu ingapo kuti aume. Atauma, amayi anasankha chidutswa chokongola kuposa zonse n'kundituma nacho kwa a Nabanda. Iwo anachitembenuza uku ndi uku, anachinunkhiza, maso ali pansi. "Ndiye n'chosambira chimenechi kapena chodya?" anafunsa. Pofika nthawi yodzala, iwo ndi amene ankawagwirira amayi ndowa.

Panthawiyo ine ndinangopuma kuti amayi anga si mfiti, basi. Lero ndili ndi ana anga, ndipo ndimazindikira kuti manong'onong'o aja amayi anawamva kale ine ndisanawamve, koma sanaone chifukwa choyankhira munthu. Mudzi wonse akanaupirira. Chimene sakanatha kupirira n'kuona mwana wawo akuopa chakudya cha m'manja mwawo.