Zala zitatu za amayi

Amene anandiuza kuti ndipite ku Joni ndi amayi anga enieni. Amayi a anzanga ankalira pokwereza ana awo basi, koma anga ayi. Tinali m'chigafa kwathu, kuseri kwa Namitete, tikusoka fodya, ine ndikudandaula za ukwati wanga umene unali utangotha. Iwo anaika singano pansi, n'kukutumula dzanja ngati lanyowa.

"Monika, manja akowo amadziwa kuluka tsitsi," anatero. "Pita nawo kutali, asathere mu fodya muno."

Ine ndinangoti basi, atopa nane. Ndinakwera basi ndi kamtima kowawa, ndipo kamtimako ndinakasunga zaka zinayi.

Ku Joni ndinapeza mpando mu saluni ya mayi wina wa ku Zimbabwe. Sindinama, zinandiyendera. Timeshi tating'onoting'ono timene anzanga ankatithawa, ine ndinkatiluka kuyambira m'mawa mpaka kutseka, ndipo makasitomala ankafika n'kufunsa kuti Mmalawi uja ali kuti. Ndalama zinkabwera, nyumba ya amayi inavala malata. Chimene chinkandisautsa chinali Lamulungu. Misa inali m'chilankhulo cha eni ake, potuluka palibe wokufunsa kuti kunyumba adzuka bwanji. Ndinkabwerera kuchipinda n'kumangoyang'ana foni.

Wonditumizira mauthenga anali mlongo wanga Pitala, munthu wosatha kunena nkhani osaseka. Tsiku lina anati, "Achemwali, mayi anu akukalamba. Aswanso kapu ina. Ku mphakati nako asiya kutsogolera korona, chifukwa Tikuoneni Maria wawo akumafika khumi ndi atatu m'malo mwa khumi, anthu mawondo kuwawa." Ndinaseka mpaka misozi, ndipo ndinagula makapu apulasitiki n'kuwatumiza pa basi. Ndikakumbukira makapu amenewo lero ndimachita manyazi.

Chaka chachitatu manja anga anayamba dzanzi. Sizinali zala zonse ayi, koma chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati. Kachala kothera kanalibe vuto. Ndinkadzidzimuka kutulo manja akuyabwa ngati mwalowa linthumbu, mpaka nditawakutumula. Kenaka chipeso chinayamba kundipulumuka pamaso pa kasitomala. Mnzanga wina anandinong'oneza kuti andilodza ansanje. Ndinachita mantha zedi, pakuti woluka wopanda zala ali ngati mlimi wopanda khasu.

Kuchipatala ndinapeza dokotala wamkazi wodekha. Anagogoda pamfundo ya dzanja langa, pamene timamangira wotchi, ndipo ndinamva ngati magetsi athamangira kuzala. Anandifotokozera kuti pamenepo pali kampata kopapatiza, ndipo mtsempha umene umachititsa kuti zala zitatuzo zizimva umadutsa momwemo pamodzi ndi minyewa yokoka zala. Minyewayo ikatupa, mtsempha umapanikizika. Anandifunsa ngati ndinali woyembekezera, ngati ndinali ndi shuga kapena vuto la chithokomiro, poti zimenezonso zimayambitsa. Zonsezo ndinalibe. Atafunsa za ntchito, ndinangomuonetsa mmene ndimapindira dzanja poluka, tsiku lonse, masiku onse. Iye anagwedeza mutu.

"Kodi mundidula?" ndinafunsa.

"Mwabwera msanga," anayankha. "Mpeni timasungira amene achedwa." Anadina kamnofu ka patsinde pa chala changa chachikulu. "Apa pakadzaphwa, ndiye kuti mtsempha wayamba kufooka. Panu pakadali podzadza."

Anandipatsa chomangira dzanja chokhala ndi kachitsulo mkati, choti ndizigona nacho kuti dzanja lisapindike. Anandiphunzitsa kuwongola zala, nandiuza kuti ndizipumira pafupipafupi ndiponso ndichepetse mitu. Zitakanika anandibaya jakisoni pamfundo pomwepo, ndipo ndinapeza bwino miyezi ingapo.

Koma Joni sadziwa kupuma. Mwini saluni sanali munthu woipa, komabe anandiuza mosabisa kuti mpando sudikira munthu. Ndikapumira, lendi sankapumira. Dzanzi litayambiranso ndinaona kuti ndiyenera kusankha, Joni kapena zala. Ndinasankha zala, ndipo sindinadandaulepo.

Nditatsika minibasi pa Namitete, anthu anandilandira ngati ndabwera ndi Joni yense m'chikwama. Amayi anandipatsa moni ndi manja awiri, koma tsiku limenelo maso anga anali pa malata, sindinaone kanthu. Ndinaona m'mawa mwake. Ndikutuluka m'nyumba, chomangira changa chikadali kudzanja, ndinawapeza ataima pakhonde akukutumula manja, ndendende mmene ndinkachitira ine. Pomwepo ndinakumbukira singano ija anaika pansi m'chigafa.

Ndinawagwira dzanja n'kulitembenuza. Patsinde pa chala chachikulu panali pophwa, khungu lokhalokha.

"Amayi, zinayamba liti zimenezi?"

"Uli m'mimba iwe. Utabadwa zinasiya, koma fodya anadzaziitananso."

"Nanga bwanji osanena?"

"Kunena kwa yani? Azimayi tonse osoka fodya timadzuka chonchi. Timangoti nyamakazi." Anatulutsa korona m'thumba. "Mikandayi sindiimva, mwana wanga. Ndimadziwa kuwerenga, eti, koma chala chikudumpha osandiuza. Pano ndimawerengera kachala kothera aka, ndekha m'nyumba, kuti Pitala asandiseke."

Ndinalira pakhonde pomwepo. Ine ndinkayesa kuti matendawa ndawatola ku Joni, pamene ndinawasiya pakhomo, m'manja amene ankandisambitsa. Ndipo mankhwala amene ndinawatumizira anali makapu apulasitiki.

Ndinawaveka chomangira changa masabata angapo. Tulo anayamba kupeza, koma mikanda sanaimvebe. Kuchipatala mu Lilongwe anatiuza zimene ndinkaziopa, kuti kwa iwo chomangira ndi jakisoni zinachedwa, pakufunika opareshoni yotsegula kampata kaja. Ine wothawa mpeni ndine ndinakhala wowanyengerera. Iwo anangofunsa funso limodzi, ngati adzatuluke mwezi wa korona usanafike. Anatuluka tsiku lomwelo, dzanja lili m'bandeji, akudandaula kuti tawataitsa nthawi yosenda chimanga.

Sindinene kuti zonse zinabwerera. Pophwa paja mpophwabe, ndipo singano ya fodya tinawalanda. Koma kuwawa kunatha, ndipo pang'onopang'ono nsonga za zala zinayamba kudzuka.

Ine pano ndimaluka pakhonde la sitolo ina pa Namitete, mitu iwiri patsiku, wachitatu abwere mawa. Ndalama sizifika za ku Joni, koma ndimadya ndi kugona bwino, ndipo potuluka m'tchalitchi moni amachita kunditopetsa. Azimayi a ku mphakati amabwera kudzayesa chomangira changa. Ndimawadina patsinde pa chala n'kuwauza kuti apite kuchipatala pakadali podzadza.

Mwezi wa korona wa chaka chatha, mphakati unasonkhana pakhomo pathu, ndipo amayi anapempha okha kuti atsogolere. Pitala anandiyang'ana, ine ndinamuopseza ndi diso. Ndinkawerenga nawo chamumtima, mtima uli m'mwamba. Anafika pa khumi n'kuima. Chigawo chachiwiri chimodzimodzi, mpaka zonse zisanu.

Anthu atabalalika anandigwira dzanja, n'kudina kamnofu kanga kaja ngati akuyesa papaya pamsika.

"Tsiku lija m'chigafa sindinatope nawe ayi," anatero. "Ndinkafuna manja akowa asadzafanane ndi anga. Ndinakuthawitsa fodya, matenda n'kukakupeza komweko." Anaseka, n'kukweza kachala kawo kothera. "Koma ukanapanda kupita, bwenzi ndikupempherabe ndi aka."