Akuti ndipepese galu

Mwaswera bwanji nonse? Ine ndapsa mtima, ndiloleni ndinene.

Masanawa mpongozi wanga Wanjiru, mkazi wa mwana wanga Dalitso, ananditengera kubwalo lina la mpanda kuno ku Kasarani, mu Nairobi, komwe anthu amamasulirako agalu awo kuti azithamanga. Akuti ndikawongoleko miyendo.

Titangolowa, chigalu chakuda chovala juzi chinandithamangira. Ndinachita zomwe tonse tinaphunzira tili ana: kuwerama ngati ndikutola mwala. Mwalawo sindinaukhudze n'komwe! Galu anathawa atapinda mchira.

Mwini wake, mtsikana woti ndingamubereke, anayamba kukuwa kuti ndamuopseza "mwana" wake. Anagwada, kumupukuta kumaso ndi kansalu, kenako n'kundiuza kuti ndipepese. Osati kwa iyeyo ayi, kwa galuyo! Wanjiru n'kumandinong'oneza kuti, "Amayi, ingonenani pole tizipita." Pole ndiye pepani wa m'Chiswahili.

Ndinakana. Mmene ndinkafika mu Nairobi muno m'ma 80, ntchito ya galu inali kulondera pageti basi. Tabwerera kunyumba, ndipo Wanjiru akuti ndamuchititsa manyazi kwa aneba.

Achimwene, wamkulu pagulu pano ndinu, tandiuzani. Ine, ndi imvi zangazi, ndigwadire galu?